Tisawauze Abambo

Lachiwiri, 11 Malichi

Namondwe wamwalira. Woyimba za roko uja, watsitsi lofika m'chiuno, amene wandisokosera m'nyumba muno kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa. Akuti wangogwa kuseri kwa siteji, gitala ili m'khosi. Mtima.

Uthenga wabwera ndi mwana wathu Chitsiriza. Walowa m'khitchini yunifolomu ya kusitolo ili m'thupi, maso ali psuu. Ine ndimati mchimwene wake wachita ngozi. "Amayi, Namondwe watisiya." Pang'onong'ono ndimukong'onthe ndi chiwaya. Watisiya? Ndi wachibale wathu? Anagulako sopo kuno?

Kenako ndakumbukira amuna anga, amene agona kuchipinda.

Abambo. Sitiroko ya chaka chatha. Mbali ya kumanja yonse inapita, dzanja ndi mwendo. Mawu anatsala amodzi okha: "Eya." Kufuna madzi, eya. Kukana madzi, eya. Kundikalipira, eya yemweyo, kungoti wokweza. Ndipo adokotala anandiuza maso ndi maso tsiku lotuluka m'chipatala: "Yachiwiri ikabwera, mayi, sitidzakambanso zambiri. Asapse mtima, asadzidzimuke."

Ndiye munthu ameneyu ndikamuuze kuti Namondwe wafa? Munthu amene pabalaza anasuntha chithunzi cha ukwati wathu kuti pakwane cha mwamuna mnzake wosavala malaya? Anzawo amawati Tcheya, poti gulu la okonda Namondwe m'tauni muno anayambitsa ndi iwo. Mbale zonse za galamafoni zili kuno, shelefu yathunthu, pamene ine ndinkafuna pazikhala makapu.

Ndamugwira Chitsiriza paphewa. Tisawauze. Kasambe kumaso, ukalowe ukuseka.

Wailesi ndaibisa mu uvuni. Kwa abambo ndati yapsa. Munthu woti wagwira zamagetsi moyo wake wonse, watambasula dzanja lamanzere kuti aione. Ndati ndapereka kale kwa okonza. Andiyang'ana nthawi yaitali. "Eya."

Mwayi wake kanema anafa kale. Msana ukuwawa. Mashiti a pabedi a lero sanaume.

Lachitatu, 12 Malichi

Wailesi ndabisa, nanga msewu ndiubisa mu uvuni wanji?

Wometa wa pafupi ndi geti yathu, amene chaka chonse amaliza nyimbo zodumphadumpha zija, lero kuyambira m'mawa Namondwe yekhayekha, sipika panja. Maminibasi, Namondwe. Ngakhale mayi wa makala pakona, foni yake ikulira gitala. Onsewa anali kuti munthuyo ali moyo? Si omwewa ankatiseka, ati nyumba ya amisala, nyimbo ngati akukhoma malata?

Ndatseka mawindo, kutentha konseku. Gitala ikulowabe. Abambo atukula mutu pa pilo, khutu tcheru, kuloza kunja, kundiyang'ana. "Eya?" Ndati wometa uja wamva kuti mumazikonda, akukusangalatsani. Bodza lachiwiri latuluka mosavuta kuposa loyamba.

Ndapita kwa wometa kuti atsitseko. Ndapeza akumeta munthu, onse awiri akulira, wometa ndi wometedwa. Ati, "Amayi, aliyense wogwira gitala m'tauni muno anaphunzirira pa munthu ameneyu." Ndabwerako osanena chimene ndinapitira.

Masana foni ya a Dazi, mnzawo wa abambo wa kalekale, dalaivala wa mabasi wopuma ntchito. Mawu osamveka, mamina okhaokha. Ati tikubwera tidzakhale ndi Tcheya. Ndati a Dazi, mukaponda pakhomo pano ndikuthirani madzi a mu ketulo. Tcheya wanu sakudziwa ndipo sadziwa. Ati, "Alamu, si bwino zimenezo. Maliro awa ndi awo." Ndati maliro ndi awo, chabwino, nanga akagwanso, adzawatembenuza pabedi ndinu? Adula foni.

Bipi ya madzulo ili bwino. Phala amaliza.

Lachinayi, 13 Malichi

Chitsiriza satha kunama, anatengera bambo ake. Akumalowa kuchipinda akuseka, kungoona nkhope yawo misozi mbwee, ulendo kubafa. Ndamuuza kuti ngati zikumukanika azingosuzumira pachitseko.

Wayimba foni Chisamba kuchokera kumene amagwira ntchito. Mwana woti amayimba pokhapokha akufuna kanthu. Ati ndiikireni ababa pakhutu. Ndamuchenjeza kaye, za Namondwe usatchule. Ndiye chitsiru changacho, poti chosowa chonena, chayamba: "Ababa, zikomo pa zonse. Munatilera bwino. Zonse zimene ndimadziwa munandiphunzitsa ndinu." Nkulira pa foni pomwepo. Abambo maso ali kudenga.

Ndayimbira adokotala, ndili m'kanjira ka pakati pa zipinda, chapansipansi. Ndafunsa, kodi tiwauze? Angapirire? Ati zimenezo mudziwa ndinu a m'nyumba, ife tingoti pang'onopang'ono, mankhwala asadumphe. Ndati ayi, bola asadziwe, masiku ano akhale mumtendere. Potembenuka ndaona chitseko sichinatsekeke bwino. Iwo maso otseka. Anali mtulo, ndikuganiza.

Kumsika. Pakhoma la sitolo ya zoyimbira pali makandulo, maluwa, zithunzi. Ana a sukulu akhala pansi ndi magitala. Agogo ena a jekete lachikopa long'ambika angoima ndwii, osaphethira. Phula la makandulo layenderera mpaka mumsewu, ndatsala pang'ono kuterereka ndi mazira anga.

Ine ndinamuonapo kamodzi Namondweyo, ndili ndi pakati pa Chisamba. Abambo anandikokera ku holo, ati mwana amve adakali m'mimba. Makutu analira mpaka Lolemba. Sindinapitenso.

Lachisanu, 14 Malichi

Tsiku wamba. Kusambitsa, kudzoza mafuta kumsana, kupinda ndi kuwongola mwendo wakufa uja monga anatiphunzitsira kuchipatala. Pamene ndinkaphika kusukulu, mapoto akuluakulu aja, ndinkati ntchito yandikwana. Sindinkadziwa kulemera kwa munthu.

Madzulo aloza shelefu. Chitsiriza watulutsa mbale imodzi imodzi mpaka agwedeza mutu. Asankha nyimbo yapang'onopang'ono ija, ya munthu wodikira sitima. Pa nyimbo zonse za Namondwe ndi yokhayo imene sindituluka ikayamba. Amvetsera maso ali pa ine. Misozi yatsikira m'khutu, ndapukuta ndi thaulo.

Pakamwa panga panatseguka kuti ndinene. Ndaona mtsempha wa pakhosi pawo ukudumpha, ndatseka.

Loweruka, 15 Malichi

Loweruka lililonse masana amabwera a Dazi ndi nkhalamba zinzawo. Amakhala pabalaza, abambo pa chikuku pakati, nkuika mbale imodzi, mbali zonse ziwiri, popanda woyankhula. Lamulo lawo. Chololedwa ndi kutsokomola basi. Ndi tsiku lokhalo limene abambo amalola kumetedwa ndevu popanda ndewu.

Lero ndawameta, poti akanadabwa. Ndawakhazika pawindo. Ndati anzanu sabwera, a Dazi ali ndi chimfine, angakupatsireni.

Ndiye taonani. Ndikuyanika mashiti, ndangoona chigulu pa geti. Onse zakuda. Masikipa a Namondwe osuluka aja, mimba zili panja. A Dazi patsogolo, a Telala pambuyo pawo, ndi ena sindikuwadziwa, achinyamata opaka zakuda m'maso. Ati sitilowa, alamu, tingoima pano pang'ono, nyimbozi ambirife tinazidziwira m'nyumba imeneyi. Ndiye aima. Zipewa m'manja, mitu pansi. A Dazi aona abambo pawindo, akweza dzanja, nkhope yonse yakwinyika ngati mwana wolandidwa bisiketi, atembenuka nkuyamba kusisima.

Ndawathamangitsa ngati nkhuku. Koma abambo anali ataona zonse.

Ndati amangodutsa, akupita kwina. Sanati eya. Chichokereni kuchipatala ndi koyamba kuti ndiyankhule osayankhidwa.

Mpunga asiya theka.

Lamulungu, 16 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. Ndiwasiya ndi ndani?

Khalidwe latsopano. Ndikuwapukuta kumaso, gwi! dzanja lamanzere pamkono wanga. Osasiya. Mphamvu yokokera mawaya ija idakalimo. Kungondiyang'ana. Ndati mukufuna chiyani, madzi? Chimbudzi? Ndikukandeni? Ayi. Kungogwira. Ine madzi akuwira pamoto, mashiti ali m'beseni. Ndati tandisiyani inu, ntchito sizidzigwira zokha. Ndachita kumasula chala chimodzi chimodzi.

Masana aitana Chitsiriza pogogoda bedi ndi ndodo. Kuloza bokosi la zida pamwamba pa wadiropu, kuloza chithunzi cha Chisamba. Chitsiriza ati, zida zipite kwa achimwene? "Eya." Kenako wotchi yawo, aikankhira kwa Chitsiriza. Kenako kuwakankha pa chikuku mpaka pa shelefu. Mulu uwu, adzisisita pamutu, ndiye kuti a Dazi. Mulu uwo, dzanja likusoka mumphepo, a Telala. Chitsiriza kuseka uku akulira.

Ine ndasangalala, ndisaname. Ndati mwina akhuta nazo nyimbozi, shelefu ibwerere kwa eni ake makapu.

Chakudya ayi. Supuni ikafika pakamwa, mano gwa. Ndanyengerera, ndaopseza, ndayesa nthochi yokanya, ndayesa tiyi wa mkaka. Ndalemba m'madzi.

Lolemba, 17 Malichi

A Telala m'mamawa, tepi yoyezera ili m'khosi. Ati Loweruka likubwerali gulu lonse likumana pabwalo la kuseri kwa depoti kukatsanzika Namondwe, poti maliro enieni achitikira kutali, a pabanja okhaokha. Akuluakulu a gulu avala majekete ofanana, akuda, chithunzi kumsana. "La Tcheya lisokedwe basi, alamu, olo asapite. Ndisoke a onse nkusiya Tcheya? Manja anga angaume." Ati muyeso wakale sugwira, munthuyo waonda.

Ndakana, ndakana, ndatopa. Ndati lowani, koma pakamwa mutseke, mukalira ndikutulutsani ndi tsache. Kwa abambo ndati a Telala akufuna akusokereni malaya.

Kuwadzutsa kwavuta, alibe mphamvu, ndiye awayeza ali chigonere. Mapewa. Chifuwa. Kuchokera pakhosi kutsika. A Telala aluma mlomo, misozi ikudonthera pa tepi, manambala akulemba pachikhatho. Pomaliza awagwira phazi, ati, "Tcheya, mwatitsogolera bwino," nkutuluka chothamanga mpaka kugunda chitseko ndi phewa. Amuna awa!

Abambo atseka maso. Akuoneka odekha. Bola.

Mkono wanga wagwidwanso, nthawi yaitali. Ndinali ndi ulendo wokatenga mankhwala kuchipatala, ndipo mzere wake ukachedwa umakathera panja padzuwa. Ndati mwayamba liti ukhanda umenewu? Ndakoka mkono, ndapita.

Pamzere mayi wina foni ili pakhutu, nyimbo yomweyo ya sitima. Kulibe kothawira.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mapiritsi ndawapeza pansi pa pilo, onyowa. A dzulo ndi a dzana. Ndakalipa mpaka wometa watsitsa sipika yekha. Ndati ine ndikuthyoka msana kuti mukhale ndi moyo, inu nkumalavula? Iwo kundiyang'ana. Kenako kundisisita tsaya ndi kuseri kwa dzanja. Ndati musandinyengerere, tsegulani pakamwa.

Bipi yakwera. Ndiye nkhani ndabisa ija, phindu lake lili pati? Sakudziwa kanthu, koma akutha ndikuona. Masaya alowa. Ndikawanyamula kupita pa chikuku akupepuka, ndipo m'malo mosangalala kuti msana upuma, ndikuchita mantha.

Aloza suti ya mu wadiropu, ndi nsapato zake. Ndati mukupita kuti kodi? Ndaitulutsa, ndaikoleka pachitseko, kuti m'nyumba mukhale mtendere.

Ndatopa, abale. Masana ndagona chikhalire pampando, supuni ili m'manja.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndilembe bwinobwino.

Ndinapita kogula buledi. Pobwera ndapeza suti yagwetsedwa pachitseko ndi ndodo, yakokedwa mpaka pabedi. Jekete adzifunditsa pachifuwa, mkono wamanzere walowa, winawo wakana. Agona chagada, mowongoka, miyendo pamodzi. Dzanja lakufa alinyamula ndi lamoyo nkuliika pachifuwa. Ndakuwa, buledi pansi.

Atsegula maso. Adziloza pachifuwa. Aloza kugeti, kumene kunaima anthu a zakuda aja. Aloza mapewa, mmene inadutsa tepi. Adzitseka zikope ndi zala zawo, atsegulanso, nkuloza kalendala pakhoma. "Eya?"

Liti. Akundifunsa kuti liti.

Mayo ine! Chitsiriza kuthawira kubafa. Chisamba kuthokoza pa foni. Ine ndi adokotala kuseri kwa chitseko, tiwauze, angapirire. Msewu wonse kuwalizira nyimbo zawo za pamtima. Ndiye ine ndi nzeru zanga ndalowetsa munthu ndi tepi adzawayeze ali chigonere! Masiku onsewa munthu akudikira imfa yake, yekhayekha, pakati pa ife, alibe ndi pakamwa pofunsira.

Ndagwada. Ndati abambo, si inu. Si inu ayi. Adokotala sananene kanthu. Ndi Namondwe. Namondwe anamwalira Lachiwiri la sabata yatha, ine ndinaopa kukuuzani.

Makina a bipi anali kale m'manja mwanga, sindikudziwa ndinawatola nthawi yanji.

Kenako kuseka. Kukamwa kwa mbali imodzi kuja, malovu chuchuchu, thupi lonse kugwedezeka, bedi kulira. Nane ndaseka, tonse ngati amisala. Ndiye kuseka kuja kwakhota pakati, sindinaone pokhotera, kwasanduka kubuma kumene sindinakumvepo, ngakhale pa maliro a amayi awo. Ndati basi, yachiwiri ija ndi imeneyi, ndapha munthu ndi pakamwa panga.

Sinabwere. Alira, alira, apuma. Aloza khutu. Ndakatulutsa wailesi mu uvuni, ikununkha mafuta. Ataona kuti ndi yamoyo, andiyang'ana. Kapu ya madzi inali pafupi. Dzanja lake ndi lamanzere, koma sanaphonye.

Ndasintha bulauzi. Madzulo adya phala lonse, ndi nthochi. Kwa Chitsiriza. Ine ndikagwira supuni, nkhope kukhoma.

Lachisanu, 21 Malichi

Sakundiyang'ana. Kusambitsa ndisambitse, kutembenuza nditembenuze, koma maso kukhoma. Mankhwala akumwa. Bipi yatsika, zodabwitsa.

Wotchi aitanitsanso, Chitsiriza wabweza akuseka. Bokosi la zida labwerera pamwamba pa wadiropu. Galamafoni alamula isamukire kuchipinda, pafupi ndi mutu wawo.

A Dazi ndawayimbira ndekha dzulo, geti ndatsegula ndekha. Ndimadikira kuti ati ndinakuuzani. Sananene, angoti pepani alamu. Akumbatirana ndi abambo, dazi lili pachifuwa cha mnzawo, kulira ngati ana. Atamva za tepi aseka mpaka kukhala pansi. A Telala manyazi, sakutha kudzutsa mutu. A Dazi ati, nanga mbale munandigawira zija, Tcheya, ndibwere ndi katoni? "Eya!" Wokweza uja, wokana.

Nyumba yadzaza. Anthu pabalaza, anthu pakhonde, ena pansi m'chipinda. Wina akuti anasiya mowa chifukwa cha nyimbo yakutiyakuti, wina akuti anauyamba chifukwa cha nyimbo yomweyo. Mtsikana wina wa ndolo pamphuno wagwada pa abambo, ati gitala yoyamba anaigwira kuno, ndipo amene anamuwotcherera waya wa sipika ndi iwo. Onse akupepesa Tcheya. Makapu akutsuka ndine.

Mawa akufuna apite kokatsanzika Namondwe kuja. Jekete lafika, lawakwana ndendende, muyeso wake unali wabwino. Chitsiriza wandikokera kukhitchini, ati amayi, masipika aja, chigulu chija, dzuwa. Ndikudziwa. Mawu a adokotala sanasinthe, ndipo akagwera kumeneko anthu adzaloza ine. Koma ndawateteza sabata yathunthu ndipo ndaona kumene tinakafika. Ndati apita. Chikuku ndikankha ndine.

Loweruka, 22 Malichi

Tapita, tabwerako, ali moyo.

Anthu! Sindinkadziwa kuti amisala alipo ochuluka chonchi. Agogo a imvi, manesi ali mu yunifolomu, amakanika ndi maovololo awo, ana ali pamapewa. Atationa, njira yatseguka yokha. "Tcheya! Tcheya!" Achinyamata anyamula chikuku ndi mwini wake yemwe, kukaika kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi sipika yaikulu ngati wadiropu. Gitala ikalira, nthiti zanga kuchita kunjenjemera. Ine maso pa nkhope yawo, mapiritsi m'chikwama, botolo la madzi kukhwapa, ambulera m'manja. Nyimbo sindinamve ndi imodzi yomwe, ndimangoyang'ana ngati kukamwa kukupotoka.

Magulu kusinthanasinthana, lililonse nyimbo ya Namondwe. Pomaliza azimitsa zonse, ati tiyimbe pakamwa. Ya sitima ija. Bwalo lonse.

Ndamva mawu pafupi, osasa, opotoka. Ndayang'ana. Abambo. Mawu enieni, ndime yonse, ndi kolasi yomwe. Chitsiriza wandifinya phewa mpaka kuwawa. A Dazi agwada m'fumbi ndi jekete latsopano.

Nyimbo itatha ndawerama, ndati abambo, mwayankhula! Tanditchulani dzina. Ndine ndani ine?

"Eya."

Nesi wina amene anaima pafupi ati zimachitika, mayi, kuyimba ndi kuyankhula zimadzera njira zosiyana m'mutu. Zikomo anesi. Chaka chathunthu ndikusambitsa, ndikupukuta, ndikutaya zoipa, wanga ndi eya. Watsitsi uja, amene wafa osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu wotere, walandira ndime ndi kolasi. Nsanje ndi mtembo, pa msinkhu wanga uno. Ndalira nane, kwambiri, ndipo anthu nkumandisisita pamsana, ati amayiwa anamukondadi Namondwe.

Mapazi atupa. Bipi yakwera pang'ono, yatsika yokha.

Lolemba, 24 Malichi

Wometa wabwerera ku nyimbo zake zodumphadumpha. Makandulo pakhoma paja asesedwa. Chitsiriza kuntchito. M'nyumba awiri.

Abambo ayamba kundiyang'anako. M'mawa adya kwa ine. Mkwiyo ukutha, ndimawadziwa.

Ndimachapa, ndiye ndangoima, manja ali m'thovu. Zida anapatsa Chisamba. Wotchi, Chitsiriza. Mbale, a Dazi ndi a Telala. Nanga ine? Ndabwereza, ndabwerezanso, dzina langa palibe. Ndapsa mtima. Kenako ndayang'ana mkono wanga.

Kunali kutsanzika kuja. Munthu akudziwa kuti akufa, mawu alibe, dzanja ndi limodzi, ndiye analiika pa ine, tsiku ndi tsiku. Ine nkumamasula zala. Tandisiyani, madzi akuwira. Mwayamba liti ukhanda. Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kwa azinzanga kuti bambo wa kwathu mtima wake wonse unathera mu galamafoni, sananenepo kanthu kokoma kwa ine. Ananena. Ine ndimathamangira mashiti.

Zochapa ndazisiya momwemo. Ndalowa, ndakhala m'mphepete mwa bedi, mbali yamoyo. Ndaika mkono pa bulangeti, pafupi ndi zala zawo. Ndadikira. Ndausuntha mpaka wakhudza.

Auyang'ana. Andiyang'ana. Aukankhira pambali pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, nkuloza galamafoni. Mbali yatha, singano ikukanda.

Ndatembenuza mbale. Ndabwerera pamalo pomwepo, ndaikanso mkono. Sakufanso munthuyu, alibe nawo ntchito. Ndiye ndizipempha chiyani, adwalenso?

Ndikulembera pabondo, mkono winawu uli pomwepo. Madzi a zochapa azizira. Mbali iyi ikatha ndikatembenuzanso.

Sanagwirebe.